Ndinazungulira chilumba cha Viti Levu pa basi ya alendo

Munthu woyamba kundilankhula nditatsika ndege ku Nadi, m'dziko la zilumba la Fiji, anali mayi wosesa pabwalo la ndegepo. Anandithira mawu ambirimbiri akumwetulira, ine chikwama chili kumsana ngati ndabereka mwana wa zaka zitatu, ndangoti kakasi. Ataona kuti palibe chimene ndikutolapo, anaseka n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndine wa ku Vanuatu kapena wa ku Solomon Islands. Nditati ndine wa ku Malawi, ku Africa, anagwira pakamwa n'kuitana mnzake kuti adzandione. Zoterezi zinandichitikira pafupifupi tsiku lililonse. Eni nthaka a ku Fiji, amene amadzitchula kuti iTaukei, ndi anthu akuda, tsitsi lawo ndi lofanana ndi lathu, ndipo Mmalawi akavala chitenje n'kukhala chete pamsika palibe amene angamuloze chala kuti uyu ndi mlendo.

Kwathu ndi ku Salima, kufupi ndi Senga Bay, koma ndimagwira ntchito ya unamwino ku Brisbane, m'dziko la Australia. Kuchoka kumeneko kukafika ku Nadi ndi ulendo wa maola osakwana anayi. Ndinapita mu Ogasiti, nyengo imene mvula imachepa. Anamondwe amavuta kuyambira Novembala mpaka Epulo, choncho miyezi imeneyo ndi yofunika kuiganizira kawiri. Ndi pasipoti yanga ya Malawi sindinafunike kupempha viza ndisananyamuke. Anangoona kuti pasipotiyo yatsala ndi miyezi yoposa isanu ndi umodzi ndiponso kuti ndili ndi tikiti yobwererera, basi n'kudinda. Koma inu amene mungachokere ku Lilongwe kapena ku Blantyre, chenjerani ndi njira. Mukadzera ku Australia kapena ku New Zealand mudzafunika viza yongodutsira, ngakhale mukhale pabwalo la ndege maola ochepa okha. Ziliponso ndege zopita ku Nadi zochokera ku Singapore ndi ku Hong Kong. Malamulo a viza amasintha, funsani musanagule tikiti.

Fiji ili ndi zilumba zoposa 300, koma anthu ambiri amakhala pa chilumba chachikulu cha Viti Levu. Pali msewu umodzi wozungulira chilumba chonsecho motsata gombe, wotalika pafupifupi makilomita 500. Chigawo cha kummwera amachitcha Queens Road, cha kumpoto Kings Road. Basi ya alendo imene ndinakwera imazungulira msewu umenewu m'masiku anayi. Umagula tikiti imodzi, m'basimo muli dalaivala ndi wotsogolera alendo, ndipo usiku uliwonse amakutsitsani pa malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Ukakonda malo ena ukhoza kutsala, n'kudzakwera basi yotsatira ikamadutsa masiku ena. Ine ndinali ndekha, mzimayi, sindinkadziwa aliyense, ndipo sindinkafuna kuyendetsa galimoto m'dziko lachilendo ngakhale kuti nawonso amayenda kumanzere ngati kwathu. Ndinakonza zoti ndizungulire masiku anayi osatsala paliponse, kenako ndikapumule pa kachilumba kena. Sizinayende choncho.

Musananyamuke, phunzirani kuwerenga mayina awo, chifukwa apa ife Achewa tili ndi mwayi woposa azungu. Amishonale amene anayamba kulemba chinenero cha ku Fiji anapatsa chilembo chimodzi ntchito ya zilembo ziwiri. Chilembo cha d chimatchulidwa nd, choncho Nadi ndi Nandi. Chilembo cha b ndi mb, ndiye moni wawo wotchuka uja, bula, umamveka mbula. Chilembo cha q ndi ng wa mu ngoma, pamene g ndi ng' wa mu ng'ombe. Tawuni ya Sigatoka imatchulidwa Sing'atoka. Anzanga a m'basi anavutika nawo mawu amenewa mpaka tsiku lomaliza, ine lilime limangoterera. Chilembo cha c chokha n'chimene chinandipunthwitsa, pakuti chimatchulidwa lilime lili pakati pa mano. Wotitsogolera, mnyamata wamtali wa ku chigawo cha Tailevu, atamva mmene ndinatchulira yaqona, dzina la chakumwa chawo cha mizu, anaimitsa nkhani yake n'kunena kuti ndikuwanamiza, ndiyenera kuti ndili ndi agogo a ku Fiji.

M'basimo tinalimo anthu okwana ngati 20. Ambiri anali achinyamata a ku Britain, Germany ndi Ireland amene anangomaliza kumene sukulu. Ine ndi zaka zanga za m'ma 30 ndinali gogo wa gulu. Ndinene mosabisa kuti ulendo wotere umakhala ndi phokoso. Kugona kwake ndi kwa m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu kapena khumi, mabedi osanjikiza ngati ku sekondale yogonera konko, ena akubwera usiku wa manda atakhuta mowa, wina akuliza mkonono, wina akufunafuna chaja ndi tochi ya foni pankhope pako. Tengani zotsekera m'makutu ndi kaloko kakang'ono kotsekera chikwama. Ndipo ngati muli a msinkhu wanga, sungani ndalama yoti usiku wina muzilipira chipinda cha nokha. Palibe manyazi pamenepo.

Tsiku loyamba linali la mchenga ndi madzi. Tinasamba ku gombe la Natadola, kenako tinakwera mapiri a mchenga a ku Sigatoka, amene boma linawaika kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 1989. Ena ndi otalika mamita 60, ndipo mphepo ikakokolola mchengawo pamatuluka mapale a mbiya za anthu amene ankakhala kumeneko zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mchengawo umatentha masana moti patapata sathandiza. Valani nsapato zotseka. Za nyanja ndingoti, amene tinakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi timadzimva kuti madzi timawadziwa, koma nyanja yamchere ili ndi khalidwe lake. Imaphwera n'kubwereranso kawiri pa tsiku. Pamene munasamba m'mawa, masana mukhoza kupeza miyala yokhayokha.

Ku Suva, likulu la dzikolo, tinafika mvula ikuwaza. Mbali imeneyo ya chilumba imagwa mvula yambiri, nkhalango zake ndi zobiriwira bii, pamene mbali ya ku Nadi ndi youma, ya udzu wofiirira ngati ku Balaka mu Seputembala. Anatipatsa maola ochepa. Anzanga anathamangira kukafuna khofi ndi intaneti, ine ndinalowa mumsika waukulu. Zinthu amagulitsa pa milu, ndendende ngati pa Kamuzu Road: mulu wa tomato, mulu wa mabilinganya, mulu wa therere, chinangwa chimene iwo amati tavioka, ndi dalo, mbewu ya mizu yofanana ndi koko. Pamwamba pa msikawo mpamene amagulitsa mizu ya yaqona. Ngati mukudziwa kuti mukalowa m'mudzi panokha, gulani pamenepo mtolo wa theka la kilogalamu woti mukapereke kwa mfumu, adzakukulungirani bwino m'nyuzipepala. Chenjerani ndi abambo ena a m'misewu ya Suva ndi Nadi amene amakupatsani moni wansangala n'kufunsa dzina lanu. Mukangotchula, amalizokota msangamsanga pa kalupanga kamtengo n'kuyamba kukukakamizani kulipira. Mtsikana wina wa m'gulu lathu anabwera nato tiwiri m'basi, nkhope ili gwaa. Ine sanandiyandikire n'komwe. Ankayesa ndine mwana wa pakhomo.

M'nyumba yosungira zinthu zakale ya Fiji Museum, imene ili m'munda wa maluwa wa Thurston Gardens, muli zotsala za nsapato ya mbusa wa mpingo wa Methodist, Thomas Baker, amene anaphedwa n'kudyedwa m'mapiri a chilumbachi m'chaka cha 1867. M'chaka cha 2003 anthu a m'mudzi wa Nabutautau anachita mwambo wopepesa kwa zidzukulu zake. Mbiri imeneyi ndi yoona ndipo eni ake saibisa. Chimene chinanditopetsa ndi nthabwala zake. Wotitsogolera ankabwereza tsiku lililonse kuti amene achedwe kukwera basi akhala ndiwo za madzulo, anyamata a ku Ulaya n'kumafa nazo ziseko. Ndinkamvetsa kuti ndi ntchito yake, alendo amalipira kuti aseke. Koma ndinkadziwanso mmene zimakhalira munthu wakuda akamagulitsa nkhani yoipa ya makolo ake kuti mzungu asangalale.

Tsiku lachitatu ndi limene ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa ndi limene linandisokoneza mutu.

Titachoka ku Suva tinatsata Kings Road kulowa m'chigwa cha mtsinje wa Wainibuka. Tisanafike pa mudzi umene tinkapitako, wotitsogolera anaimirira n'kuyamba kutipatsa malamulo. Chipewa chivulidwe. Magalasi a dzuwa achoke pamutu. Chikwama chisakhale paphewa, chinyamulidwe m'manja. Mapewa ndi mawondo zibisike, aliyense amange sulu, nsalu yomanga m'chiuno. Nsapato zitsale pakhomo. Mutu wa munthu, ngakhale wa mwana, osaukhudza. Ukamadutsa pamene anthu akhala, uwerame n'kunena kuti tulou. Anzanga ankalemba m'mafoni ngati akukonzekera mayeso. Ine ndinkangomwetulira. Ndani mwa ife amene anakula osauzidwa kuti podutsa pa akuluakulu umawerama n'kunena zikomo? Ndinatulutsa chitenje changa cha ku Salima m'chikwama n'kumanga, ndipo ndinathandiza atsikana awiri a ku Germany amene nsalu zawo zinkangogwa.

M'mudzi wa ku Fiji sulowa ngati ukulowa mu golosale. Umayamba wapereka sevusevu, mphatso ya mizu ya yaqona, kwa mfumu kapena kwa turaga ni koro, amene tingamuyerekeze ndi nyakwawa. Wotitsogolera anasankha mnyamata wa ku Ireland wa zaka 24 kuti akhale mfumu ya basi yathu, poti ndiye anali wamkulu mwa amuna. Ine amene ndinamuposa ndi zaka khumi ndinakhala kumbuyo ndi atsikana, miyendo nditapinda cham'mbali. Izinso sizinali zachilendo. Tinakhala pa mikeka m'nyumba yaikulu ya misonkhano. Mtolo uja unaikidwa pakati, wotitsogolera analankhula motsitsa mawu m'chinenero chawo, mkulu wa mudzi anaika dzanja pa mtolowo n'kuyankha kwa nthawi yaitali, amuna ena akuvomereza ndi mawu akuya. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe koma ndinadziwa zonse zimene zinkanenedwa: alendo afika, tawalandira, ayende mwamtendere pa nthaka yathu.

Yaqona, imene anthu akunja amaidziwa ndi dzina loti kava, ndi mizu ya chitsamba cha mtundu wa tsabola. Amaiumitsa, kuisinja mu mtondo wachitsulo, n'kufinya ufawo m'kansalu m'madzi ozizira, m'mbale yaikulu yamtengo yotchedwa tanoa. Maonekedwe ake ndi a madzi a mtsinje wa Linthipe mu Januwale. Kukoma kwake sikuli patali ndi maonekedwewo. Si mowa ayi, koma imachititsa dzanzi lilime ndi milomo, thupi limalefuka, ndipo ukamwa yambiri tulo take ndi tofa nato. Amakupatsira m'chikho cha chigoba cha kokonati chotchedwa bilo. Uwombe m'manja kamodzi, unene bula, ulandire ndi manja awiri, umwe yonse osapumira, ubweze chikho, uwombenso katatu. Kuwomba kwake si kwa ku bwalo la mpira. Ndi kwa manja ofumbata, kotulutsa mawu akuya aja, kumene amayi athu amawomba pothokoza pamaso pa mfumu. Nditawomba, agogo ena aakazi amene anakhala kukhoma anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa, kenako anagwedeza mutu. Pambuyo pake anandikokera pambali n'kundifunsa kuti anandiphunzitsa ndani. Ndinati agogo anga. Anandigwira dzanja osalisiya mpaka nthawi ya chakudya.

Mpaka apa mtima unali m'malo. Kenako anatitengera ku sukulu ya pulayimale.

Ana anatulutsidwa m'kalasi, anafola pakhonde, anatiimbira. Mafoni 20 anakwera m'mwamba nthawi imodzi. Wina anatulutsa maswiti, wina zolembera, ana n'kuyamba kukankhana. Mtsikana wina ananyamula kamwana ka sitandade 1 n'kudzijambula nako, osafunsa dzina lake. Ine ndinaima kumbuyo miyendo ili zii. Ndinakumbuka ndili wamng'ono, malole akuluakulu a azungu oyenda ulendo wodutsa m'mayiko ambiri akamatsikira ku Senga Bay, ife tikuthamangira m'fumbi tikukuwa kuti azungu, azungu, tikupempha zolembera ndi mabotolo opanda kanthu. Ndikudziwa kuti penapake ku Ulaya, m'kabati ya munthu amene sindidzamudziwa, muli chithunzi changa ndili ndi diresi yong'ambika. Tsopano ndinali nditakwera lole ija ineyo, ndikuyang'ana kuchokera pawindo.

Sindikunena kuti musapite ku mudzi. Mudziwo umalandira ndalama kuchokera ku maulendo amenewa, ndipo amayi amagulitsa mikeka, mikanda ndi nsalu za khungwa la mtengo zotchedwa masi. Anthuwo si ana, anakambirana n'kugwirizana okha kuti alendo azibwera. Koma pali njira yochitira zinthu imene siichotsa ulemu. Ngati mwabweretsa makope kapena zolembera, perekani kwa aphunzitsi aakulu, musagawe nokha ngati mukuwaza chimanga kwa nkhuku. Maswiti asiyeni. Funsani musanajambule munthu, ndipo mwana wa eni musamuike pa Facebook. Gulani kanthu kwa amayiwo osanenerera mpaka kuwafinya. Ndipo funsani a basi musanalipire kuti mudzi umalandira bwanji gawo lake. Amene akuchita zolongosoka sakhumudwa nalo funso limenelo.

Madzulo ake tinayandama pa mtsinje pa bilibili, phaka la nsungwi zomangidwa pamodzi limene anthu a m'mapiri ankatsitsira nthochi ndi dalo kupita nazo kumsika. Tinafika ku Rakiraki, kumpoto kwenikweni kwa chilumba, dzuwa likulowa. M'mbali mwa msewu, tisanalowe m'tawuni, anationetsa manda a mfumu Udre Udre ndi mzere wa miyala imene amati uliwonse ukuimira munthu amene mfumuyo inadya. Nthabwala ija inabweranso.

Mmawa mwake, basi isananyamuke, ndinati ndikaponde m'madzi komaliza. Nyanja inali itaphwera. Ndinayenda ndi patapata pa miyala ya korali, phazi linaterereka, ndipo korali inandicheka m'mbali mwa phazi lamanzere. Bala lake silinali lalikulu. Koma ine namwino ndinadziwa kuti ndalakwitsa zinthu zimene ndikanakalipira wodwala. Korali ndi chamoyo, ikakucheka imasiya tizidutswa ndi tizilombo m'balamo, ndipo m'dziko lotentha bala lotere limatukusira msanga. Likakuchitikirani, tsukani nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi abwino ambiri, chotsani kachidutswa kalikonse ngakhale zikupweteka, pakani mankhwala ophera tizilombo, ndipo lisanyowenso. Mukaona kufiira kapena kutupa kukufalikira, kapena thupi latentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Koposa zonse gulani nsapato za m'madzi, n'zotchipa kuposa bandeji. Tsiku limenelo gulu linkapita kukadzola matope ndi kusamba m'madzi otentha a ku Sabeto. Kulowetsa bala latsopano m'thope ndi m'madzi oima ndi kuitana matenda, makamaka leptospirosis amene amapezeka kumeneko. Ndinauza wotitsogolera kuti nditsala. Basi inapita, ndinatsala ndikutsimphina pa geti, mtima ukuwawa kuti ulendo wanga wawonongeka.

Masiku anayi amene ndinakhala ku Rakiraki ndiwo amene ndimawakamba anthu akandifunsa za Fiji.

Tsiku lachiwiri ndinakwera takisi kupita kumsika wa m'tawuni, umene uli pamalo otchedwa Vaileka, kukagula bandeji ndi zipatso. Mayi wina wachimwenye wogulitsa mabilinganya ndi tsabola anaona mmene ndinkayendera n'kundipatsa kreti kuti ndikhalepo. Tinacheza mpaka makasitomala anayamba kundifunsa mitengo ine. Kwathu tinazolowera kuti amwenye ndi eni masitolo a ku Limbe ndi ku Area 2. Ku Fiji aliponso a masitolo, koma ambiri amene ndinakumana nawo m'chigawo chimenechi ndi alimi a nzimbe, manja okhakhala, nyumba zamalata. Makolo awo anabweretsedwa ndi Angerezi kuyambira m'chaka cha 1879, pa sitima yotchedwa Leonidas, mpaka 1916, anthu oposa 60,000, kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe pa mgwirizano wa zaka zisanu umene iwo ankautcha girmit. Amayiwo akufotokoza za zikwapu za akapitawo ndi nyumba za mizere zimene agogo awo ankagonamo, ine ndinkamva thangata.

Anandiitanira kwawo madzulo. Tinadya roti ndi ndiwo za maungu zothira tsabola wambiri, titakhala pakhonde, munda wa nzimbe uli pamphuno. Amuna awo anandifotokozera zimene wotitsogolera sanatchuleko m'masiku atatu onse aja. Pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a nthaka ya ku Fiji ndi ya mafuko a iTaukei ndipo siigulitsidwa. Alimi achimwenye amachita lendi, kawirikawiri ya zaka 30, ndipo kuyambira cha m'ma 1997 malendi ambiri atatha, mabanja ena anachoka pa minda imene anabadwirapo. Ana awiri a bamboyo ali ku Auckland, ku New Zealand. Anandiuza za 1987, pamene Sitiveni Rabuka analanda boma ndi mfuti, ndi za 2000 ndi 2006 pamene anthu ena anachitanso chimodzimodzi. Rabuka yemweyo anadzakhalanso nduna yaikulu kumapeto kwa 2022, ulendo uno kudzera m'chisankho. Bamboyo ananena zimenezi akuseka pang'ono, kuseka kumene ife Amalawi timakudziwa bwino tikamakamba za andale amene amapita n'kubwerera.

Anandionetsanso maziko a simenti kuseri kwa nyumba, pamene panali nyumba yawo yakale. Namondwe Winston anawomba pa 20 Febuluwale 2016, anapha anthu 44 m'dziko lonse, ndipo chigawo cha Ra, kumene kuli Rakiraki, chinali m'gulu la zigawo zimene zinasakazidwa kwambiri. Fakitale ya shuga ya Penang, imene inali moyo wa tawuniyo, inawonongeka ndipo siinatsegulidwenso. Pano nzimbe zimanyamulidwa pa malole kupita ku fakitale ya ku Ba. Ndinawauza za Freddy, mmene matope anatsikira m'phiri la Soche mu Malichi 2023 n'kukwirira mabanja. Amayi aja anasiya kukanda ufa wa roti n'kumvetsera. Sitinafunike kufotokozerana zambiri.

Lamlungu mtsikana wogwira ntchito pamalo amene ndinkagona ananditengera ku tchalitchi cha kwawo cha Methodist. M'malo mwa belu amaimba lali, ng'oma ya chipika chogoba. Kwaya inaimba popanda chida chilichonse, mawu anayi olukana, mabesi akugwedeza mabenchi, ndipo nyimbo ina chuni chake ndinachizindikira, n'kuyamba kuimba m'Chichewa chapansipansi. Titaweruka tinadya chakudya cha mu lovo. Amakumba dzenje, kutenthetsa miyala ndi nkhuni, kuikapo nkhuku, nsomba, dalo ndi chinangwa zokulunga m'masamba, n'kukwirira kwa maola angapo. Panalinso masamba a dalo ophika mu mkaka wa kokonati. Akanakhala otendera nsinjiro ndikanalira. Panalibe amene anatulutsa foni, ndipo palibe mwana amene anafoletsedwa kuti andiimbire. Ana ankangondizungulira kufunsa ngati kwathu kuli mikango komanso ngati Malawi imasewera rugby. Nditati ife ndi a mpira wamiyendo ndi wamanja, anandimvera chisoni. Dziko lawo linapambana mendulo yagolide ya rugby ya osewera asanu ndi awiri ku Rio m'chaka cha 2016, ndipo boma linasindikiza ndalama yapepala ya madola 7 pokumbukira chipambanocho. Ndili nayo imodzi, ndinaipeza pa chenji.

Zina zing'onozing'ono zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Ku Fiji kulibe malungo, koma udzudzu wake umafalitsa matenda a dengue ndipo umaluma masana, choncho mafuta othamangitsa udzudzu ndi ofunika kuposa neti. Khungu lakuda nalonso limapsa ndi dzuwa la pamadzi, mapewa anga anasupuka ngati njoka. Tikiti ya basi nthawi zambiri siphatikiza chakudya chonse, ndipo malo ogona ambiri ali kutali ndi masitolo, kotero umadya pa mtengo umene eni malowo anena. Basi ikaima m'tawuni gulani buledi, nthochi, mapapaya ndi madzi. Tapani ndalama m'matawuni akuluakulu, kumudzi ndi kumsika khadi siligwira ntchito. Simukhadi ya Vodafone kapena Digicel imapezeka pabwalo la ndege pomwepo. Chikwama chikhale chopepuka. Theka la zovala zimene ndinanyamula sindinazivale, koma zitenje ziwiri zija zinali siketi, thaulo, chofunda ndi katani ya pabedi. Nsima musaiyembekezere. Chinangwa chowiritsa chidzakusungani.

Basi ya alendo yotsatira inkadutsa Lachiwiri, ndipo tikiti yanga inali ikugwirabe ntchito. Sindinaidikire. Lolemba mmawa ndinakwera basi wamba yopita ku Lautoka, ya mawindo opanda magalasi, yokhala ndi malona opinda amene okwera amatsitsa okha mvula ikayamba. Inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Tinadutsa Tavua ndi Ba, m'minda ya nzimbe yondikumbutsa Dwangwa, tikupikisana ndi malole olemedwa ndi nzimbe, ndipo chakufupi ndi Lautoka tinaima kudikira kasitima kakang'ono kokoka ngolo za nzimbe kuti kadutse msewu. Malo otentha a ku Sabeto sindinawaone mpaka lero. Pa siteji ina panakwera mayi ali ndi thumba la dalo ndi ana awiri. Anayang'ana uku ndi uku, anandilankhula m'chinenero chawo mawu amene sindinamve, n'kundikhazika kamwana kamodzi pamiyendo. Kanagona tisanafike ku Ba, kakundidontheza dovu pa chitenje, ndipo ndinakagwirira ndi dzanja limodzi, linalo nditatchinga phazi langa la bandeji kuti thumba la dalo lisaligwere.